Pa matandala a ku Lituhi

Msewu wochoka ku Mbamba Bay kupita ku Lituhi, ku Tanzania, umatsata nyanja kulowera kumpoto, mtunda wa makilomita opitirira 100, ndipo mu Okutobala umakhala fumbi lokhalokha. Kumanzere kuli nyanja, kumanja mapiri a Amatengo amene malo ena amatsetsereka mpaka kudzaponda m'madzi. Moto wolusa unali utadutsa kale m'mapirimo n'kusiya lupsa bii, koma mitengo ya miombo inali itayamba kutulutsa masamba ofiira aja amene amaphuka mvula isanagwe n'dontho lomwe. Timitsinje tambiri timene tinkawoloka tinali titaphwa. Pansi pa milatho panali mchenga ndi mapazi a mbuzi basi. Tinadutsa pa Liuli, pamene pali chipatala cha St Anne's cha mpingo wa Angilikani ndi manda a William Percival Johnson, mmishonale uja anamwalira mu 1928, kenako Ngumbo ndi Mbaha, mpaka mapiri anayamba kubwerera m'mbuyo, dziko n'kutambasuka. Ukaona zimenezo dziwa kuti mtsinje wa Ruhuhu wayandikira, ndipo wafika ku Lituhi.

Lituhi ali kumapeto kwenikweni kwa boma la Nyasa, lomwe linapatulidwa ku boma la Mbinga mu 2012. Mmalawi sachedwa kuzolowera kuno. Chinangwa, mango, bango, mabwato osema, zonse n'zakwathu. Kutsidya kwa madziwo ndi ku Chilumba ndi Chitimba, ngakhale kuti utsi wa chilimwe unali utabisa mapiri athu onse. Anthu amayankhula Chimanda ndi Chiswahili, koma asodzi ndi anthu oyenda, choncho padoko sunasowe wokuyankha m'Chinyanja kapena m'Chitonga chotolatola.

Ndinatsikira kudoko kusanache. Mwezi unali kumdima, nthawi yabwino ya usipa, ndipo nyali za asodzi zinali zidakali ndandanda kutali pamadzi. Kasodzedwe kake ndi komwe kaja timakadziwa ku Usisya kapena ku Msaka: mnyamata wa nyali, amene kwathu timamutcha siginala, amakhala m'bwato laling'ono kukopa usipa ndi kuwala, anzake n'kuzunguliza chilimira. Kale zinali nyali za palafini, lero zambiri ndi za batire. Kum'mawa kutayamba kufiira, maboti anayamba kukocheza limodzilimodzi, ndipo mchenga umene unali zii unadzaza amayi a ndowa ndi mabeseni, ena atakwinda zitenje kulowa m'madzi mpaka m'maondo kuti afike msanga pa boti.

Changu chimenechi si dyera. Usipa ndi nsomba yosadikira munthu. Ndi kansomba kofewa, sikatumbulidwa, ndipo kamakhala katafa kale maola angapo m'boti, katapanikizana ndi tinzake. Dzuwa likangokwera pang'ono usanayanikidwe, mimba zimaphulika, ndipo usipa wotero ngakhale uume chotani umawawa m'kamwa. Za ayezi musanene n'komwe, pakuti ndani angagule ayezi wokwanira ndowa zonsezo n'kupezabe phindu? Choncho malonda a m'mawa amakhala achidule. Mwini boti amatchula mtengo wa ndowa, amayi amakuwa kuti wakwera, wina amalawirira kuti akutenga, ndipo pakamatha mphindi zochepa mtengo wa tsikulo wakhazikika. Zikaphedwa zambiri umagwa mpaka asodzi kudandaula za mafuta a injini. Zikasowa, amayi ena amabwerera ndi ndowa zopanda kanthu, zikulira m'miyendo.

Asodzi akangolandira ndalama zawo amapita kukagona. Nyimbo zonse ndi nkhani zonse za kunyanja zimatama iwowa, za mafunde ndi mwera ndi kulimba mtima, ndipo ayeneradi kutamidwa. Koma chimene amabwera nacho kumtunda ndi katundu woti pofika masana wawola. Amene amasandutsa katunduyo kukhala ndiwo yokafika ku Songea kapena ku Dar es Salaam ndi amayi amene amatsala padzuwa, ndipo ntchito yawo ndiyo ndinaima nthawi yaitali kuiyang'ana.

Matandala ali chakumtunda pang'ono, kuseri kwa pamene mafunde amalekezera. Ndi mitengo yozikidwa pansi, yofika m'chiuno, pamwamba atayala bango kapena ukonde wakale wokokedwa kuti neng'a. Ndinaima pa thandala la mayi wina wachikulire amene ankagwira ntchito ndi mdzukulu wake. Nditapereka moni wa akulu wa kuno, "Shikamoo," anayankha "Marahaba" osatukula mutu, manja ali pa nsomba. Anayamba watsuka usipawo m'dengu, kuuviika m'nyanja kangapo kuti mamina ndi mchenga zichoke, ndiye n'kumatapa ndi manja awiri n'kuwaza pathandala mofulumira, dzanja likuzungulira. Usipa unkagwa motalikirana bwino, osasanjikizana. Pamene panaunjikana ankapasalaza ndi nsonga za zala.

"Bwanji osangokhuthula n'kufalitsa ndi kamtengo, amayi?" ndinafunsa.

"Mwanangu, ukaukanda uli wauwisi umasupuka. Ukasupuka wataya kuwala, ndiye wogula akuuza kuti ndi wadzana."

Kuwala kumene ankanenako ndi kwasiliva kuja kwa usipa wabwino, ndipo ndi kumene wogula amayamba kuyang'ana asanagwire n'komwe. Nsomba yaiwisi, magawo atatu mwa anayi a kulemera kwake ndi madzi. Ntchito yonse ya pathandala ndi kuchotsa madzi amenewo msanga, tizilombo towoletsa tisanapeze mpata, koma osawononga khungu. Dzuwa lokha silikwanira. Pamafunika mphepo yodutsa pansi ndi pamwamba, n'chifukwa chake thandala limaposa mchenga. Cha m'ma 10 koloko, pamwamba patayamba kugwira, mayiyo anayamba kutembenuza, tsopano ndi chikhatho chonse, pang'onopang'ono. Tinsomba timene m'mawa tinali tonenepa, towongoka, tinali titayamba kupindika, mimba zitalowa m'kati, maso atabira, khungu litakhwinyata m'mbali mwa msana. Fungo nalo linasintha. Lauwisi lija linachoka, kunabwera lija limakukumbutsa nsima.

Mdzukuluyo ntchito yake inali ya ulonda. Anali ndi tsatsa m'manja ndi timiyala m'thumba la diresi. Akhwangwala ankatera pa mtengo wa mango wapafupi n'kumayeza mtunda, mphamba zikuzungulira m'mwamba, nkhuku ndi abakha zikudikira pansi pa thandala kuti katsetsereke kamodzi. Pali mbala zinanso za miyendo iwiri zimene zimadutsa ngati zikupita kosamba, dzanja n'kutsalira m'mbuyo. Agogo akewo ankadziwa ana a mudzi wonsewo ndi maina a makolo awo, ndipo ankawatchula mokweza asanafike n'komwe pafupi.

Si onse ali ndi thandala. Chapatali pang'ono panali ena amene anangoyanika pamchenga weniweniwo, usipa uli mbee ngati wathiridwa ufa. Mchenga wotentha umaumitsa ndithu, koma amene anadyapo usipa wolira m'mano amadziwa mtengo wake. Wotero amagula ndi osauka, wotsala n'kupita ku chakudya cha nkhuku. Sindiwaweruza amayi amenewo. Mitengo ya thandala ndi ndalama, ukonde ndi ndalama, ndipo tsiku limene zaphedwa zochuluka matandala onse amadzaza dzuwa lisanatuluke, wochedwa n'kusowa poyanika.

Kuseri kwa matandala kunali utsi. Kumeneko n'kwa ofutsa. Mgolo wodulidwa pakati uli pamafuwa, madzi a mchere akuwira, mayi akuviika dengu la usipa kanthawi kochepa chabe n'kulivuula, madzi akuchucha, n'kuthamangira nalo kukayanika. Usipa wofutsa umauma msanga, suwawa, ndipo pamsika umakwera mtengo. Koma umadya nkhuni, ndipo ukayang'ana mapiri a kumbuyo kwa mudzi umaona kumene nkhunizo zikuchokera. Pafupi pomwepo bambo wina ankawamba kampango, amene kuno amati mbufu. Nsomba yaikulu ya mafuta ngati imeneyo dzuwa siliitha, ingawole m'kati kunja kukuoneka kouma. Anali ataing'amba, kuidula mapisi, n'kuisanja pa waya pamwamba pa ng'anjo yadothi, moto uli wofatsa, wautsi wambiri. Anati moto ukakula nsomba imapsa kunja n'kutsekera madzi m'kati, ikafika kumsika ili ndi mphutsi kale.

Zonsezi n'za chilimwe, pamene dzuwa ndi la aliyense. Nditafunsa za dzinja, mayi wa thandala uja anaimika ntchito kwa nthawi yoyamba. Mvula ikayamba, anatero, usipa suleka kuphedwa, nthawi zina ndiye umachuluka. Umagula m'mawa kuli ngwee, wayanika bwinobwino, masana mtambo wabwera kuchokera kumpoto. Umathamanga ndi pepala la pulasitiki kukavundikira, koma pansi pa pulasitiki nsomba imachita thukuta. Kukachita mvumbi masiku awiri basi zatha: ntchentche zaikira, chuku chagwira, mpamba wonse umakathera kudzala. Apa m'pamene amalonda ena osaopa Mulungu, kuno ndi kwathu komwe, amawaza nsomba mankhwala ophera tizilombo a m'nkhokwe, wodya osadziwa. Ku Mangochi ndi ku Salima anayesako matenti a pulasitiki oumitsiramo nsomba, otchinga mvula ndi ntchentche koma olola kutentha ndi mphepo, ndipo nsomba yake imatuluka yaukhondo. Chovuta n'choti tenti yotero mayi mmodzi payekha sangaimange ndi phindu la ndowa ziwiri. Ndipo mayi yemweyo amene amaopa mtambo ali ndi munda wa mpunga kudambo la Ruhuhu umene ukudikira mtambo womwewo. Walira mvula walira matope, koma kuno amalira zonse ziwiri tsiku limodzi, m'mawa dzuwa, madzulo mvula.

Ndinachoka padoko dzuwa lili paliwombo, mchenga utayamba kuwotcha kudzera m'nsapato. M'mudzi namonso munali moyanika mokhamokha. Pakhomo lililonse panali choyera: pathandala, pamphasa, pamwala, padenga la khitchini. Chinangwa. Nsima ya kuno ndi kondowole, monga ku Nkhata Bay ndi ku Likoma, ndipo fungo lake lowawasa limakupeza usanaone nyumba. Amayi amakumba, kusenda, n'kuviika m'mitsuko ikuluikulu kapena m'migolo masiku atatu kapena anayi, mpaka chitafewa moti n'kuchifinya ndi dzanja. Akavuula amachotsa mitsitsi ya pakati, kuchiphwanya timibulu, n'kuyanika. Chikauma gwa chimapita mumtondo kapena kuchigayo.

Mlendo angaganize kuti kuviikaku n'kofuna kukometsa nsima. N'zoona kumakometsa, koma nkhani yake ndi ya moyo. Chinangwa chowawa, chimene alimi amachikonda chifukwa chimabereka bwino ndipo anyani ndi nguluwe sizichikonda, chili ndi poizoni. Kuviika ndi kuyanika ndiko kumamuchotsa. Chilala chikagwa poizoniyo amachuluka m'chinangwa, ndipo nthawi yomweyo njala imakakamiza anthu kudula masiku, kuvuula chisanafewe, kusinja chisanaume. Ndi zimene zinachitika m'chigawo cha Nampula ku Mozambique mu 1981, pamene anthu oposa 1,000 anapuwala miyendo ndi matenda otchedwa konzo, ndipo zinachitikanso ku Tarime, kumpoto kwa Tanzania, mu 1985. Wopuwala ndi konzo sachira. Mtsikana wina amene ndinamupeza akutembenuza timibulu pamwala za Nampula sankazidziwa, koma anandiuza zimene amake anamuphunzitsa: ukaswa kam'bulu n'kupeza pakati pakuzizira, bwezera padzuwa, ngakhale m'nyumba mulibe ufa.

Minda ya chinangwayo yazungulira mudzi, pa dothi lamchenga limene chimanga chingakane. Masana otero masamba ake anali atafota, atalendewera, ambiri a m'munsi atayoyoka n'kusiya mitengo yokhayokha ndi katsumba pamwamba. Wosachidziwa angati munda wafa. Chimangodzichepetsa kuti chisunge madzi, chuma chili pansi, ndipo mvula yoyamba ikagwa chigwada chimabwerera.

Kenako ndinapita pamishoni ya ku Lituhi, koma sindinakhalitse. Inakhazikitsidwa mu 1912 ndi ansembe Achibenedikito ochokera ku St Ottilien ku Germany, omwe aja anayamba Peramiho mu 1898, ndipo lero ili mu dayosizi ya Mbinga. Pali tchalitchi, sukulu, ndi chipatala cha St Elizabeth chimene chimalandira odwala a m'mbali mwa nyanja monsemo. Ndinakhala pamthunzi kudikira kuti dzuwa lipendeke. Ngakhale pamenepo, kuseri kwa mpanda, odikirira odwala anali atayanika zitenje ndi kausipa kawo pa chiguduli.

Chakumadzulo ndinalowera kumene Ruhuhu amathira m'nyanja. Njira imadutsa m'minda ya mpunga yokololedwa kale, dothi lakuda litang'ambika ming'alu yolowa chikhatho, ng'ombe zikubudula ziputu. Mtsinjewo ndi malire a zigawo za Ruvuma ndi Njombe. Kutsidya ndi ku Manda, doko limene Ajeremani ankalitcha Wiedhafen. Mwa mitsinje yonse yothira m'nyanja yathu, Ruhuhu ndiye amabweretsa madzi ambiri, kuposa Songwe, Rukuru kapena Bua. Koma mu Okutobala anali wofatsa, atabwerera pakati n'kusiya zisumbu za mchenga, akakowa ataima pamene m'dzinja pamadutsa mitengo yathunthu yozulidwa kumapiri. Bambo wina wokalamba amene ankasoka ukonde pansi pa mtengo anandiloza chipsera cha matope pa tsinde, chofika pachifuwa. "Madzi a dzinja amafika apa, bambo. Nthawi imeneyo mbasa imakwera." Mbasa ndi mpasa yathu yomwe ija, imene imachoka m'nyanja kukaswana kumtunda kwa mitsinje, monga imachitira mu Bua. Anawonjeza kuti masiku ano imene imakwera ndi yochepa poyerekeza ndi ya ubwana wake, ndipo mlandu anaupereka kwa otchinga mtsinje ndi maukonde a maso ang'onoang'ono.

Nyanja nayo inali itabwerera. Pagombe pankaoneka mizere ya zinyalala ndi zigoba za nkhono, uliwonse kusonyeza pamene madzi analekezera mwezi wina. Chaka chilichonse nyanjayi imakwera ndi kutsika pafupifupi mita imodzi, kudzaza cha mu Epulo ndi Meyi, kutsikitsitsa cha mu Novembala ndi Disembala. Ambiri timaganiza kuti madziwo amatuluka ndi Shire, popeza ndiye khomo lokhalo. Koma Shire amatenga gawo laling'ono. Pafupifupi magawo 80 pa 100 alionse a madzi amene nyanjayi imataya amauluka ndi dzuwa ndi mphepo, mphepo yomwe ija imaumitsa usipa pathandala. Zaka za mvula yochepa zikatsatizana, nyanja imatsika mpaka kulephera kusefukira mu Shire, ndipo zinachitikapo: kuyambira cha m'ma 1915 mpaka cha m'ma 1935 madzi a m'nyanja anasiya kutuluka. Nthawi imeneyo kunalibe Nkula, kunalibe Tedzani, kunalibe minda ya nzimbe ya ku Nchalo. Zitati zibwerere lero, magetsi ambiri a dziko lathu angazime, ndipo zitseko za Kamuzu Barrage za ku Liwonde, zomangidwa mu 1965, sizingatsekere madzi amene sakufika.

Ndinaima pamenepo ndikuganiza za mkangano wathu ndi Tanzania wa malire a panyanja, umene umachokera ku pangano la Angelezi ndi Ajeremani la 1890. Timakangana za mwini madzi, koma sitikamba kawirikawiri za kumene madziwo amachokera. Nyali ya m'nyumba ya ku Ndirande imadalirako mvula yogwa m'mapiri a Njombe ndi Ludewa, ndi mitengo imene yatsala m'mbali mwa Ruhuhu. Mu 2024 nyanja inadzaza mpaka kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota, ndipo zoti ingathenso kuthawa tinaziiwala. A ku Chilwa, amene anaona nyanja yawo itasanduka bwalo mu 1968, mu 1995 ndi mu 2018, sangaiwale chotero. Mkulu wa ukonde uja nditamuuza za Shire sanadabwe. Anati agogo ake ankalima pamalo pamene lero pamadutsa maboti.

Pobwerera ndinapeza padoko payambika malonda achiwiri, a usipa wouma. Ogula anali atafika ndi matumba, ena pa njinga zamoto, ena akudikira lole yopita ku Kitai, kumene msewu wa kuno, wodutsa kufupi ndi migodi ya malasha ya Ngaka, umakakumana ndi wa phula wa ku Songea. Apa m'pamene luso la tsiku lonse limayesedwa, pakuti kuuma kuli ndi mlingo wake. Usipa wosauma bwino ukatsekeredwa m'thumba umatentha wokha pakati, pofika kumsika wachita chuku ndipo wanunkhitsa thumba lonse. Wouma mopitirira umathetheka, mitu kugwa payokha, ndipo pamsewu wa mabampu gawo lina limafika lili zinyenyeswa zimene palibe angazigule pa mtengo wa nsomba. Wogula amafuna wouma kwambiri kuti asaluze panjira. Wogulitsa, popeza muyeso ndi ndowa osati sikelo, amadziwa kuti ola lililonse padzuwa likuchepetsa mulu wake.

Mnyamata wina wa ku Songea anafika pa thandala la mayi uja. Sanayang'ane pamwamba pa mulu. Analowetsa dzanja mpaka m'chigongono, kutapa wa pakati, kuufinya, n'kutambasula chikhatho kuti aone ngati ugwirana. Sunagwirane. Anaugwedeza pafupi ndi khutu, unalira kuti wayawaya. Anatenga kamodzi n'kukapinda, kanakana pang'ono kenako thyo. Anakaponya m'kamwa.

"Amayi, udakali ndi madzi uwu."

"Madzi ali m'kamwa mwakomo, mwanangu. Ngati sukufuna pita kwa a pamchenga."

Mnyamatayo anaseka, n'kutsitsa mtengo pang'ono, mayiyo anayamba kuvundikira mulu wake ngati nkhani yatha, ndipo mnyamatayo anabwerera pa mtengo woyamba. Poyeza panabukanso ina: iye ankafuna ndowa yosefukira ndiponso yogwedeza kuti usipa ukhazikike, mayiyo anati kusefukira inde, kugwedeza ayi. Mdzukulu uja ndiye ankawerenga ndowa, kuponya kamwala m'chitini pa ndowa iliyonse. Matumba atadzaza anawasoka kukamwa ndi chingwe cha ukonde, mnyamatayo n'kulemba chizindikiro chake ndi makala pa lililonse.

Lole itafika, matumba a ufa wa chinangwa ndi a mpunga anapita pansi, a usipa pamwamba penipeni, mnyamata wa ku Songea uja akuyang'anira thumba lililonse. Atangotembenuka kuti alipire wonyamula, kamnyamata kothandiza dalaivala kanakwera n'kudzikhazika pa thumba limodzi, miyendo lendelende.

"Iwe! Tsika apo msanga! Ukufuna ndikagulitse ufa ku Songea?"